Kwacha Ilimo, Chambo Mulibe

Mawu oti KWACHA ndi ovomerezeka pa masewero a Scrabble. Munthu wa ku London kapena ku Lagos akhoza kuwayala pa bolodi, n'kupata mapointi 18, ndipo palibe angamutsutse. TAMBALA ndi wovomerezekanso, ndipo poti ali ndi zilembo 7, amene wayala mawuwa ndi zilembo zake zonse amaonjezeredwa mapointi 50 pamwamba. NGWEE wa anzathu a ku Zambia alimo. BOMA ilimo, BWANA alimo, MZUNGU alimo. SADZA ya ku Zimbabwe ndi UGALI wa ku Tanzania zilimonso. Koma CHAMBO mulibe. Tinafufuza mu mndandanda wa mawu wa Collins, womwe amaweruzira masewerowa m'mayiko ambiri kunja kwa America, ndipo usipa, utaka, kampango ndi mbuna sitinazipeze. Ndalama yogulira nsomba inalowa m'Chingerezi, nsombayo inatsala pakhomo.

Ife amene tikulemba izi ndife kagulu ka ophunzira ochokera kunyanja. Ena kwathu ndi pa Mangochi boma, ena ku Monkey Bay, ena ku Malindi, ndipo alipo a ku Namwera ndi Makanjira. Pa koleji pano timadziwika ndi zinthu ziwiri: kudandaula za kuzizira ndi kukangana pa mawu. Bolodi yathu ndi yakale, inagulidwa pa kaunjika, ndipo timatabwa tiwiri tinasowa moti tinachita kudula katoni n'kulembapo ndi bolopeni. Komabe madzulo ambiri a mkati mwa sabata, tikatopa ndi manotsi, mudzatipeza titaizungulira.

Kwa inu amene simunasewerepo, masewerowa ndi osavuta kuwamva. Bolodi ili ndi timabokosi 15 m'litali ndi 15 m'lifupi, tonse pamodzi 225. M'kathumba mumakhala timatabwa 100, kalikonse kali ndi chilembo chake ndi mtengo wake, kupatula tiwiri topanda kanthu tomwe timaimira chilembo chilichonse chimene mwini wake wafuna. Aliyense amatenga 7 osasuzumira, n'kuyesa kupanga mawu olumikizana ndi omwe ali kale pa bolodi. Zilembo zopezekapezeka monga A, E ndi T ndi za pointi imodzi. K ndi wa 5, J ndi X ndi a 8, pomwe Q ndi Z ndi a 10. Anayambitsa masewerowa ndi Alfred Butts, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku New York yemwe ntchito inamuthera m'zaka za m'ma 1930. Dzina loti Scrabble linabwera mu 1948 ndi James Brunot, amene anayamba kupanga mabolodi ogulitsa. Kuti adziwe mtengo wa chilembo chilichonse, Butts ankawerenga pamanja kuti chilembocho chikupezeka kangati pa masamba a nyuzipepala monga New York Times.

Ndiye kuti kathumba kaja ndi chithunzi cha Chingerezi cholembedwa ku New York zaka 90 zapitazo. Muli ma E 12, ma A 9, ma I 9, ma O 8, koma K mmodzi yekha, Z mmodzi, ma W awiri ndi ma M awiri. Mwana wa ku Mpondasi akaona zimenezi amadabwa, chifukwa zilembo zomwe Mzungu amati ndi zosowa ndi zomwe ife timatafuna tsiku lonse. Tangowerengerani: ZIKOMO akanakhala wa mapointi 21. NKHWAZI, mbalame yathu ija imalira pa Cape Maclear, ikanabweretsa 26 kuphatikiza bonasi ya 50. Mayi wogulitsa nsomba pa msika wa Mangochi, atati azilipidwa pa Z ndi K aliyense wotuluka pakamwa pake, bwenzi atagula boti la injini.

Chinthu choyamba chimene wosewera wofuna kupambana amaloweza si mawu ataliatali ayi. Ndi timawu ta zilembo ziwiri, tomwe tilipo topitirira 100, chifukwa ndi tomwe timalola munthu kugoneka mawu ake pambali pa mawu a mnzake n'kudya mbali ziwiri. Apa m'pamene ife tinapeza mwayi wosayembekezeka. Timawu tambiri timene timalankhula osatiganizira n'komwe m'Chichewa tilimo mu mndandanda uja, koma titavala malaya ena. ZA ndi chidule cha pizza. PA ndi bambo. MU ndi chilembo cha Chigiriki. KA ndi mzimu wa munthu m'chikhulupiriro cha Aigupto akale. LI ndi muyeso wa mtunda ku China, LA ndi liwu la pa nyimbo lija timaphunzira ku kwaya, ndipo CHA, wa zilembo zitatu, ndi tiyi. Koma chenjerani: KU ndi WA mulibe, ndipo mukawayala mnzanu akatsutsa, mwataya ulendo wanu. Palinso tina tachilendo kwa aliyense, monga QI, mawu a Chitchaina onena za mphamvu ya moyo, XU, kandalama ka ku Vietnam, ndi AA, mtundu wa chiphalaphala chouma cha phiri lophulika, mawu ochokera ku Hawaii.

Funso limene limativuta ndi ili: kodi munthu amene waloweza XU ndi QI akudziwa Chingerezi? Malamulo a Scrabble safunsa tanthauzo. Amangofunsa ngati mawuwo alimo m'buku. Umboni wake ndi Nigel Richards wa ku New Zealand, amene mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa asakulankhula Chifalansa. Anangoloweza dikishonale yake m'masabata ochepa. Mu 2024 anachitanso chimodzimodzi ndi ya Chisipanishi. Kwa iyeyo mawu ali ngati njere za bawo: chofunika ndi pomwe zagwera, osati mtengo umene zinachokera.

Nkhani ya Richards imatiseketsa, koma imatikumbutsanso za kwathu. Ambiri mwa ife tinaphunzira Chingerezi mwa njira yomweyo. Mwana wa ku Makanjira amabadwira m'Chiyao. Akayamba sukulu amakumana ndi Chichewa. Anzathu ambiri a Chisilamu amene tinakulira nawo limodzi ankapitanso ku madrasa masana, komwe ankaphunzira zilembo za Chiarabu zoyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Chingerezi chimabwera ngati chilankhulo chachitatu kapena chachinayi, ndipo chimabwera pa bolodi la choko, m'kalasi la ana osawerengeka, popanda munthu wochilankhula kunyumba. Mwana wanzeru amachita chomwe angathe: amaloweza. Amatha kunena tanthauzo la "photosynthesis" mosaphonya ngakhale koma imodzi, koma mutamufunsa kuti afotokoze zomwezo kwa agogo ake poloza tsamba la chinangwa, amangoyang'ana pansi. Ameneyo si wopusa. Mutu womwe wasunga zilankhulo zinayi si wochepa. Wangophunzitsidwa kuti mawu a Chingerezi ndi katundu wonyamula mpaka m'chipinda cha mayeso n'kukamutula.

Ndipo chipinda cha mayesocho sichiseka. Kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa iwo liyenera kukhala Chingerezi. Tonsefe tikudziwa wina wake kumudzi amene masamu ndi sayansi ankazimwa ngati thobwa, koma Chingerezi chinamugwetsa, ndipo lero akupalasa kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi kapena akukoka chilimira usiku. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino amafuna kuti wopikisana pa mpando wa phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Choncho tikamakangana pa bolodi ngati mawu akuti alimo kapena mulibe, timadziwa kuti kunja kuno kuli bolodi ina yaikulu, yomwe wolephera sangonena kuti tiyambirenso.

Pali chinthu china chimene sukulu zathu zinatizoloweza: kulemekeza mawu aatali. Pa mtsutso wa ku sekondale, amene ankaomberedwa m'manja ndi uja wothyola Chizungu cha m'mphuno, woponya mawu a zilembo 15 omwe ngakhale iye mwini sankawamvetsa bwino. Scrabble inatichotsa ulemu umenewo. Mu 2015, ku Perth m'dziko la Australia, Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chingerezi, atagonjetsa Lewis Mackay wa ku England m'ndime yomaliza. Osewera a ku Nigeria anatchuka ndi njira yokonda mawu aafupi, a zilembo zinayi kapena zisanu, otseka mipata kuti mdani asapeze podyera, uku akusunga zilembo zabwino za ulendo wotsatira. Wodziwa bawo sangadabwe nazo. Nkhalamba za pansi pa mtengo wa mango pa Monkey Bay sizithamangira kudya njere zambiri ulendo umodzi ngati kuteroko kukutsegulira mnzawo nyumba.

Mawu aafupiwo ndi amenenso ali ovuta kwenikweni, ndipo izi tinaziona titayamba kudzaza ma crossword. Masewero awa ndi akale kuposa Scrabble: oyamba anatuluka pa 21 December 1913 mu nyuzipepala ya New York World, atakonzedwa ndi Arthur Wynne wobadwira ku Liverpool. Kusiyana kwake n'kwakuti crossword imayambira pa tanthauzo. Amakupatsa chokuunikira, iwe upeze mawu okwana m'timabokosi. Apa kuloweza kopanda kumvetsa sikuthandiza, chifukwa wokonza crossword amakonda dala mawu a nkhope ziwiri kapena zitatu.

Tengani dzina loti Monkey Bay, malo omwe makolo ankawatcha Lusumbwe. Tinakula tikudziwa kuti "bay" ndi pamene nyanja yalowa kumtunda. Mu crossword mawu omwewo akhoza kukhala hatchi yofiirira, kapena kuuwa kwa agalu osaka nyama, kapena tsamba lonunkhiritsa ndiwo. "Cape" wa pa Cape Maclear, dzina lomwe David Livingstone anapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi, ndi mtunda wolowa m'madzi, komanso ndi chovala chopanda manja chokoleka m'mapewa. "Bank" ndi kosungira ndalama komanso ndi gombe la Shire. "Current" ndi mphamvu ya madzi oyenda, ndi magetsi, ndiponso ndi zinthu za lero lino. "Net" ndi ukonde, koma pa pepala la malipiro ndi zomwe zatsala boma litadula msonkho. "Fry" ndi kukazinga, komanso ndi tiana ta nsomba, timene chambo chachikazi chimasunga m'kamwa. "School" ndi sukulu, komanso ndi gulu la usipa loyenda pamodzi, ndipo awa ndi mawu awiri osiyana makolo amene anangofanana nkhope: la sukulu linachokera ku Chigiriki, la nsomba ku Chidatchi. Mwana wa msodzi amadziwa zinthu zonsezi ndi manja ake. Chimene palibe anamuuza n'chakuti mawu a m'buku lake la Chingerezi akunena za zomwe iye amaziona m'bandakucha uliwonse.

Mawu amene anatigwira mtima kwambiri ndi "endemic". Anzathu ophunzira za umoyo amawadziwa ngati mawu oipa: matenda okhazikika pamalo, osachoka, monga malungo ndi likodzo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Koma mukawerenga za Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1984, mupeza mawu omwewo akunenedwa monyadira: mitundu mazanamazana ya mbuna ndi nsomba zina ndi "endemic", kutanthauza kuti sizipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Muzu wake ndi wa Chigiriki, wonena za chinthu chokhala pakati pa anthu a pamalopo. Likodzo ndi mbuna, zonse ndi zathu, ndipo zimakhala m'madzi amodzi. Tikanangoloweza tanthauzo limodzi la pa mayeso, sitikanaona kuti mawu amodziwa akufotokoza gombe lathu lonse. Mwa njira yomweyo tinadziwa kuti "bilharzia" ndi dzina la munthu, Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany amene anapeza kanyongolotsi kake ku Cairo mu 1851, ndi kuti "malaria" ndi mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa, a nthawi imene anthu ankaganiza kuti malungo amachokera ku fungo la m'madambo.

Mawu amasinthanso ndi zaka, ndipo ife owerenga Baibulo la King James la mu 1611 timakumana nazo kawirikawiri. M'Chingerezi cha nthawi imeneyo "meat" anali chakudya chilichonse, n'chifukwa chake nsembe yotchedwa ndi dzinali pa Levitiko 2 ndi ya ufa ndi mafuta, yopanda nyama ngakhale kachidutswa. "Prevent" ankatanthauza kutsogola, osati kuletsa. "Conversation" anali makhalidwe a munthu, osati macheza. "Cleave" ndiye wodabwitsa: amatanthauza kumamatira, amatanthauzanso kung'amba pakati. Kangapo takhala tikuthetsa mkangano wa pa phunziro la Sabata potsegula Buku Lopatulika la Chichewa, n'kupeza kuti omasulira a mu 1922 anamva bwino zomwe ife, ndi Chingerezi chathu cha ku koleji, tinali kuzipotoza.

Ndiye pali Chingerezi chathuchathu cha ku Malawi, chomwe crossword ya ku London sichidziwa. Kwa ife "relish" ndi ndiwo, basi. Kwa Mngelezi ndi kusangalala ndi chinthu, kapena tsabola wa m'botolo woika pambali pa mbale. "Stage" kwathu ndi pokwerera minibasi. Pa BOMA pali nthano yomwe ambiri tinauzidwa, yoti ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi onena za ulamuliro wa Britain kunja kwa dziko lawo. Si zoona. Boma ndi mawu akale a Chiswahili otanthauza mpanda kapena linga, ndipo ndi tanthauzo limenelo lomwe lili mu dikishonale. Atsamunda ankamanga maofesi awo m'malinga, monga linga la Fort Johnston lomwe linabala tauni ya Mangochi, ndipo dzina la mpanda linasanduka dzina la olamulira.

Sitingasiye nkhani ya L ndi R, chifukwa ndi imene anthu amatiseka nayo. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisiyanitsa tanthauzo. Lamulo la kalembedwe limangoti R azibwera pambuyo pa E ndi I, L m'malo ena onse, ndipo khutu silimva kusiyana. Chiyao ndiye chimangogwiritsa ntchito L. Choncho "pray" ndi "play" zimatuluka mofanana, ndipo m'busa akaitana mpingo kuti upemphere, ana a ku tauni amagwirana m'nthiti. Nkhani yoyesa munthu ndi katchulidwe si ya lero. Pa Oweruza 12, anthu a ku Gileadi anaima pa madooko a Yordano n'kumauza aliyense wofuna kuoloka kuti atchule mawu amodzi, ndipo Aefraimu, amene lilime lawo linkalephera liwu loyamba la mawuwo, anaphedwa 42,000. Mawu amenewo, "shibboleth", analowa m'Chingerezi kutanthauza chizindikiro chodziwira amene si wathu. Masiku ano saphera pa dooko, koma pa intavyu ya ntchito munthu amatha kugwa asanamalize chiganizo choyamba. Chomwe taona n'chakuti bolodi imathandiza pomwe chikwapu chinalephera. Ukagwira kathabwa ka L m'dzanja, n'kuona kuti ukayika apa pakhala LAKE koma ukayika R pakhala RAKE, kuti GLASS ndi GRASS ndi zinthu ziwiri, LOAD ndi ROAD chimodzimodzi, dzanja limaphunzira msanga kuposa khutu. Wordle, kamasewero ka pa foni komwe Josh Wardle anatulutsa mu 2021 ndipo New York Times inagula mu 2022, kamachitanso zomwezo: mawu a zilembo zisanu, mwayi kasanu ndi kamodzi, ndipo ukasokoneza L ndi R kabokosi sikasanduka kobiriwira, ngakhale utakwiya bwanji.

Tibwerere ku chambo. N'chifukwa chiyani mulibe? Si chiwembu ayi. Olemba madikishonale salowetsa mawu chifukwa chinthucho n'chokoma kapena n'chofunika. Amayang'ana ngati mawuwo akulembedwa kawirikawiri m'Chingerezi, m'mabuku ndi m'manyuzi osiyanasiyana, kwa zaka zingapo. Kwacha inalowa chifukwa kuyambira 1968 ku Zambia ndi 1971 kuno kwathu yakhala ikusindikizidwa pa masamba a zachuma dziko lonse. Mu January 2020 dikishonale yaikulu ya Oxford inalandira mawu 29 a Chingerezi cha ku Nigeria, kuphatikizapo "okada", yemwe ndi kabaza wa njinga yamoto. Anthu a ku Nigeria amalemba okada osapepesa, osamasulira, m'manyuzi ndi m'mabuku awo, mpaka dziko linazolowera. Ife tikamalemba Chingerezi timathamangira kunena kuti "tilapia", poopa kuti chambo chimveka chakumudzi. Chonsecho "tilapia" yemweyo ndi mawu a mu Africa, ochokera ku liwu la Chitswana lotanthauza nsomba, amene wasayansi wina anawaveka jekete la Chilatini. Ndipo tilapia ndi dzina la mtundu wonse. Silisiyanitsa chambo ndi makumba, kusiyana komwe mwana aliyense wa ku Malembo amakudziwa ndi maso komanso ndi lilime.

Izi n'zomwe zimatipweteka pang'ono. Bambo amene sanapite patali ndi sukulu, amene pa fomu amalembedwa kuti ndi wosaphunzira, ali ndi dikishonale yathunthu m'mutu. Pomwe Chingerezi cha m'kalasi chimangoti "wind", iye amasiyanitsa mwera wochokera kummwera, womwe umavundula nyanja m'miyezi yozizira, mpoto wobwera ndi nyengo ya mvula, ndi vuma wochokera kum'mawa. Amadziwa chilimira, khoka, nkacha wa ku Malombe ndi kauni wa nyali za usiku. Amasiyanitsa mcheni, mbaba, kambuzi, bombe, mlamba ndi mpasa, ndipo akaona nkhungu zikufuka pa nyanja ngati utsi amadziwa kuti ndi tizilombo, osati moto. Mawu onsewa pa mayeso a MSCE ya Chingerezi ndi a ziro. Ndipo pamene chambo chikuchepa m'nyanja ya Malombe ndi kuchigawo cha kummwera kwa nyanja ya Malawi, mawu enanso akupita nacho. Adzukulu ake ena amadziwa QI ndi XU, koma sangatchule mbali za bwato.

Mabuku osunga mawu athu alipo, ngakhale ambirife sitinawagwirepo. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Meredith Sanderson anatulutsa ya Chiyao mu 1954. A Centre for Language Studies a ku Yunivesite ya Malawi anakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, wofotokoza mawu a Chichewa m'Chichewa momwemo, ndipo ilipo ya Steven Paas ya Chichewa ndi Chingerezi. Titabwereka imodzi mwa izi, tinaganiza zoyesa kusewera Scrabble m'Chichewa pa bolodi yathu yomwe ija.

Zinavuta msanga. Choyamba, kathumba ka Butts sikagwirizana ndi pakamwa pathu. Phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndipo A ndiye mfumu, moti ma A 9 aja amatha masewero asanafike pakati, ma E n'kumangotsala m'manja. Q ndi X alibe ntchito. Ndi K mmodzi sungalembe "kukoka", ndi Z mmodzi sungalembe "zizindikiro". Chachiwiri ndi chachikulu: mawu a Chichewa amathera pati? M'Chingerezi mneni ali ndi maonekedwe owerengeka, anayi kapena asanu. Kwathu tsinde limodzi limabala mazana. Wina akayala ONA, mnzake amaika mphatikiram'mbuyo n'kukhala TIONA, wina TIONANA, wina TIONANANSO, ndipo onse akulondola. Dikishonale singalembe zonsezi, ndiye woweruza ndani? Tinagwirizana kuti mawu ndi ovomerezeka ngati anthu awiri mwa osewera angawaike m'chiganizo chomveka. Mosadziwa tinapanga lamulo lomwe Scrabble ya Chingerezi ilibe: kwathu sungadye mapointi ndi mawu omwe sukuwadziwa tanthauzo. Nigel Richards akanavutika nafe.

Lamulolo linabala mikangano ina yokoma. Wa ku Namwera amayala mawu, wa ku Dedza amene tinamuitana kudzasewera nafe n'kunena kuti chimenecho n'Chiyao. Wa ku Namwera amayankha kuti pa msika wa Mangochi aliyense amatero, ndipo ngati kalata, nsapato ndi mbatata zochokera kwa Apwitikizi zili Chichewa, ngati sitolo, buledi ndi supuni zili Chichewa, mawu a anthu oyandikana nawo nyumba angakanidwe bwanji? Usiku wina masewero anaima kwa theka la ola chifukwa cha dzina la nsomba imodzi yomwe ku Malindi amaitchula mwina, ku Chembe mwina. Anaimbira foni amalume ake wina, msodzi, amene anadabwa kuti ana a ku koleji akumufunsa iye. Anayankha, n'kuonjezera mayina ena atatu omwe palibe mwa ife anali atawamvapo. Tinawalemba kuchikuto kwa kope.

Pano tili pa ntchito yomwe Butts anagwira. Tagawana masamba a nyuzipepala za Chichewa ndi machaputala angapo a Buku Lopatulika, aliyense akuwerenga kuti chilembo chilichonse chikupezeka kangati, kuti tidule timatabwa tathu pa kalipentala wa ku Mangochi tchuthi chikubwerachi. Q ndi X tawachotsa kale popanda wodandaula. Zikuoneka kuti K, N ndi M atsika mtengo kwambiri, ndipo V ndi J ndi amene akhale a mapointi ambiri. Chomwe chatigawa ndi zilembo zophatikiza. Scrabble ya Chiwelshi ili ndi timatabwa ta zilembo ziwiri monga CH, LL ndi NG, chifukwa kwa iwo limenelo ndi liwu limodzi. Ena mwa ife akuti CH, KH, PH, TH ndi NY zikhalenso choncho. Ena akuti zikatero mawu afupika kwambiri ndipo bonasi ya zilembo 7 ivuta. Pa NG' wa mu ng'ombe ndi ng'ona tonse tavomera kuti akhale kathabwa kakekake, poti nkhodolero ija singakhale payokha. A ku Makanjira apempha kuti bolodi yomweyo izitha kuseweredwanso m'Chiyao, zomwe zikutanthauza kuti R achepe, J achuluke, ndipo kuwerenga kuja tiyambirenso ndi masamba ena.